Kalipa ya buleki ikuchucha pa Mazda Roadster: kodi kusintha timphira tokha n'kokwanira?

Funso: Ndili ndi Mazda Roadster ya 1999 imene ndinaitanitsa kuchokera ku Japan zaka zitatu zapitazo. Kwa mwezi wathunthu mafuta a mabuleki akhala akuchepa m'kabotolo kake, ndipo nditachotsa tayala lakutsogolo la kumanja ndinapeza kalipa, chitsulo chija chopanikiza mapadi pa disiki ya buleki, itanyowa, mapadi nawonso atanyowa. Kalipa yatsopano siikupezeka kuno ndipo yoitanitsa ndi yodula, koma ndapeza paketi ya timphira tokonzera. Kodi ndikasintha timphirato vutoli litha, ndipo ndi ntchito yoti ndingaigwire ndekha pakhomo?

Yankho: Bambo, poyamba galimotoyo muiimike kufikira itakonzedwa, chifukwa kalipa imene lero ikungonyowa ingathe kutaya mafuta onse tsiku limene mudzaponde buleki mwamphamvu. Ntchitoyi ndi yotheka pakhomo, pakuti galimoto yanuyi, imene m'mayiko ena imatchedwa MX-5, ili ndi kalipa yosavuta kutsogolo: pisitoni ndi imodzi yokha, ndipo thupi la kalipa limatsetsereka pa mapini awiri. Koma ngati vutoli litha kapena ayi, yankho lili pa pisitoni, osati pa timphira mwagulato, ndipo simungadziwe musanaitulutse n'kuiona ndi maso.

Musanamasule kanthu, tsimikizani kaye kumene mafutawo akutulukira. Pukutani kalipa yonse kuti iume, munthu wina aponde pedulo mwamphamvu kwa kanthawi, inu mukuyang'ana ndi tochi. Malo okayikitsa ndi paipi yamphira imene ingakhale itang'ambika, bawuti yomangira paipiyo imene ili ndi mawashala awiri amkuwa, nipo yotulutsira mpweya, ndi pisitoni yeniyeniyo. Mukatukula pang'ono m'mphepete mwa kamphira koteteza fumbi, kamene amakaniko amakatchula kuti dust boot, n'kupeza mafuta atadzaza kuseri kwake, ndiye kuti siilo ya pisitoni, kamphira kotseka mafuta, ndi imene yagonja. Ndaonapo anthu ataphwasula kalipa yabwinobwino pamene cholakwika chinali washala wa mtengo wochepa.

M'pofunika kumvetsa chimene chimapha siilo, chifukwa kawirikawiri siimafa yokha. Siiloyi ndi mphete yamphira ya mbali zinayi, imene imakhala m'kangalande kozokotedwa m'kati mwa chibowo cha kalipa, ndipo imakumbatira pisitoni. Mukaponda buleki, pisitoni imatuluka pang'ono n'kuipinda siiloyo. Mukasiya, siilo imabwerera m'malo mwake n'kukokera pisitoni m'mbuyo pang'ono zedi, ndipo ndi kachitidwe kameneka kamene kamamasula mapadi pa disiki, popeza mulibe sipuling'i ina iliyonse yogwira ntchitoyi. Choncho malo amene amatseka mafuta ndi pamene mphira yakhudzana ndi khungu la pisitoni. Dust boot ikang'ambika, madzi ndi matope a nthawi ya dzinja zimalowa, dzimbiri limadya chromium yokutira pisitoniyo n'kusiya timaenje, ndipo pisitoni ikakankhidwira m'kati poika mapadi atsopano, mbali yodyekayo imakhula siilo. Mafuta okhalitsa, amene amwa chinyezi, amachititsanso dzimbiri kuchokera m'kati. Galimoto ya 1999 yakhala ndi nthawi yokwanira yoti zonsezi zichitike, makamaka ngati ku Japan inkayenda kumadera a chipale chofewa kumene misewu imathiridwa mchere.

Pomasula, galimoto ikhale pa zochirikiza zachitsulo, osati pa jeke yokha. Njira yosavuta yotulutsira pisitoni ndi kugwiritsa ntchito mphamvu ya buleki yomweyo: chotsani kalipa pa disiki paipi ikadali yomangika, muimangirire ndi waya kuti isalendewere pa paipi, kenako wina aponde pedulo pang'onopang'ono kufikira pisitoni itatsala pang'ono kugwa. Mukatero, panikizani pedulo ndi mtengo wotsamira pa mpando kuti ikhale yotsika pang'ono. Pedulo ikakhala choncho, njira yochokera m'kabotolo imatsekeka ndipo mafuta sangapitirire kudontha mukamasula paipi. Ngati mwamasula kale paipi, mpweya wa kompuresa umathandiza, koma muike thabwa kutsogolo kwa pisitoni ndipo zala zikhale kutali, chifukwa pisitoni yokakamira ikamasuka imatuluka ndi mphamvu yotha kuphwanya chala. Musaigwire ndi pulayala pakhungu lake, pakuti mano a pulayala amasiya zipsera zimene zimagwira ntchito yofanana ndi ya dzimbiri. Mafuta akadonthera pa penti ya galimoto, tsukanipo ndi madzi nthawi yomweyo, chifukwa amasupula penti.

Pisitoni ikatuluka, ipukuteni n'kuiyendetsa chikhadabo mozungulira ponse pamene siilo imadutsa. Dothi lakuda lomatirira limachoka ndi nsalu, ndipo pisitoni yotero ndi yabwino. Koma chikhadabo chikakodwa pa kadzenje ngakhale kamodzi, kapena chromium ikaoneka kuti yasupuka, pisitoniyo yatha ntchito ndipo mugule ina. Mapisitoni a galimotozi amagulitsidwa paokha, ena achitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mtengo wake sufika pa wa kalipa yathunthu. Pali chizolowezi chopala pisitoni yodyeka ndi sandipepa kuti isalale. Ine sindichivomereza, chifukwa kupalako kumachotsa chromium yotsalayo, kumachepetsa kukula kwa pisitoni, ndipo timaenje timakhalapobe. Siilo yatsopano imagwira kwa masabata ochepa, kenako mafuta amayambiranso, mapadi atsopano n'kuwonongeka nawo.

Chibowo cha kalipa sichifuna kusalala kwambiri, popeza sichitseka mafuta, koma kangalande ka siilo kamafuna chisamaliro chachikulu. Chotsani siilo yakale ndi kachitsotso kapena kapulasitiki kosongoka, osati sikuludiraiva, ndipo muchotse dzimbiri lonse pansi ndi m'mbali mwa kangalandeko kufikira chitsulo chioneke. Dzimbiri lotsala pansi pa siilo limaikankhira m'kati, ndipo zotsatira zake n'zakuti pisitoni imavuta kulowa, buleki imakakamira, disiki imatentha. Chimodzimodzinso kamphepete kamene kali pakati pa siilo ndi dust boot, kamene kamatupa ndi dzimbiri n'kumapana pisitoni. Apa sandipepa yosalala ndi yololedwa. Ngati dzimbiri ladya kangalandeko mpaka m'mbali mwake mwagumuka, thupi la kalipa silingakonzekenso.

Pa nkhani yotsuka ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo ndimaona kuti dzina lomwe timagwiritsa ntchito ndi limene limatisocheretsa. Timati mafuta a mabuleki, koma madzi amenewa si mafuta a mtundu wa oyilo. Amapangidwa kuchokera ku glycol, ndipo mphira ya EPDM imene amapangira masiilo a mabuleki imagwirizana ndi glycol koma imadana ndi chilichonse chochokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Petulo, dizilo, palafini, oyilo wa injini ndi girisi wamba zimaitupitsa mphirayi n'kuifewetsa. Tsiku lina anandibweretsera galimoto imene mabuleki ake anakakamira patangopita masiku ochepa chikonzereni. Wokonzayo anali atatsukira zonse m'beseni la palafini, ndipo siilo imene ndinatulutsamo inali itakula moti siikanathekanso kubwerera m'kangalande kake. Tsukani ndi mankhwala otsukira mabuleki a m'chitini kapena methylated spirit, muumitse bwinobwino, ndipo manja anu akhale oyera musanatsegule paketi ya timphira.

Pobwezera, nyowetsani siilo yatsopano ndi mafuta a mabuleki atsopano, muikhazike m'kangalande mosapotoka, ndipo muyendetse chala mozungulira kuti mutsimikize kuti yakhala bwino. Pisitoni nayonso muipake mafuta omwewo, kapena girisi wofiira wa mphira ngati anabwera m'paketimo. Dust boot ili ndi milomo iwiri, wina wolowa m'thupi la kalipa ndi wina wolowa m'kangalande ka pisitoni, ndipo yonse iwiri ikhazikike mozungulira monse, apo ayi madzi adzalowanso m'dzinja likudzali. Nipo ikhale yotsegula kuti mpweya uzituluka, ndipo pisitoni muikankhe mowongoka ndi zala zazikulu za manja onse. Iyenera kulowa molimba koma mosakana; ikakana, musatenge kalampa kuti muikakamize, itulutseni muone chimene chaipinga, chifukwa nthawi zambiri imakhala itapendekeka kapena siilo itatuluka m'malo mwake.

Mapini otsetserekera muwatsuke n'kuwapaka girisi wa silicone, mawashala amkuwa muike atsopano, ndipo mapadi amene anamwa mafuta muwataye, pakuti kuwatsuka kapena kuwawamba pamoto sikuwabwezera mphamvu yogwira. Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndikulangizaninso kuti mukonze kalipa ya kumanzere tsiku lomwelo, chifukwa ndi ya msinkhu womwewo, ndipo galimoto yopepuka ngati imeneyi, yolemera mopitirira pang'ono tani imodzi, imakokera mbali msanga kalipa imodzi ikamagwira kuposa inzake. Mukachotsa zonse ziwiri musazisinthanitse: nipo iyenera kukhala pamwamba, chifukwa ikakhala pansi mpweya sudzatuluka ngakhale mutapopa tsiku lonse.

Funso: Nanga makalipa akumbuyo ndi chimodzimodzi? Handibuleki yanganso siigwira bwino.

Yankho: Ayi, akumbuyo ndi osiyana, ndipo mukawachita ngati akutsogolo muwononga. Pa Roadster za m'badwo woyamba, umene unayamba mu 1989, ndi wachiwiri, umene unayamba mu 1998, makina a handibuleki ali m'kati mwa kalipa, ndipo pisitoni imayenda pa kachitsulo kamazinga. Siikankhidwa ndi kalampa. Pa galimoto yanuyi, kuseri kwa kalipa kuli bawuti yotsekera ya sipanala ya 14. Mukaichotsa mupeza kagiya kolowa Allen key ya mamilimita 4, ndipo ndi kagiya kameneka kamene kamalowetsa ndi kutulutsa pisitoni. Mano ake ndi ofewa, choncho kakalimba musakakamize. Mukatsegula bawutiyo n'kupeza mafuta a mabuleki m'menemo, ndiye kuti kamphete kamphira ka pa kachitsulo kamazinga kaja katha, ndipo kuti mukafikire pamafunika kuchotsa circlip, kamphete kachitsulo kotsekera, imene ili pansi penipeni pa chibowo, ntchito yofuna pulayala yake yamilomo yaitali. Ngati mulibe chida chimenechi, mbali iyi ndi bwino kuipereka kwa makaniko.

Handibuleki yofooka nthawi zambiri imangofuna kuchuna kagiya komweko. Handibuleki ili yomasula, zungulizani kagiyako kufikira mapadi atagwira disiki, kenako mubweze gawo limodzi mwa magawo atatu a kuzungulira kumodzi, ndipo mutero mbali zonse ziwiri musanakhudze nati yokokera chingwe ya pa chogwirira.

Funso: Ndithiremo mafuta a mtundu wanji, ndipo mpweya ndiuchotse bwanji?

Yankho: DOT 4, dzina la muyezo lolembedwa pa botolo la mafutawo, ndi yoyenera, ndipo imasakanikirana bwino ndi DOT 3 imene mwina ilimo kale. Kusiyana kwake kuli pa kutentha kumene mafutawo amawira: mwa muyezo, DOT 3 yatsopano siyenera kuwira pansi pa madigiri 205 Celsius ndipo ikamwa chinyezi malirewo amatsikira pa 140, pamene DOT 4 ili pa 230 ndi 155. Manambalawa ali ndi tanthauzo kwa munthu wotsika mapiri a Chiweta, Golomoti kapena msewu wa ku Chikwawa phazi lili pa buleki, chifukwa mafuta akawira m'kalipa amasanduka nthunzi ndipo pedulo imangomira. DOT 5.1 ndi ya glycol ndipo ndi yololedwa, koma DOT 5 ndi ya silicone ndipo musaisakanize ndi zinazo, ngakhale mayinawo akufanana. Gulani botolo losatsegula, ndipo mafuta onse muziwasintha zaka ziwiri zilizonse.

Pochotsa mpweya pamafunika anthu awiri ndi kapaipi koonekera m'kati kolowa m'botolo. Yambani ndi tayala limene paipi yake ndi yaitali kwambiri kuchokera pa master cylinder (pampu imene pedulo imakankha potumiza mafuta ku matayala), lomwe pa galimoto yanu ndi lakumbuyo la kumanzere, n'kumayandikira. Wam'kati aponde n'kugwira, inu mutsegule nipo, mutseke, ndipo iye asiye pedulo pokhapokha mutatseka. Ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, chifukwa pa galimoto yakale mbali ya master cylinder imene pisitoni siifikako nthawi zonse imakhala ndi dzimbiri lotha kung'amba timphira ta m'menemo. Kabotolo kasaume ngakhale kamodzi.

Mukamaliza, popani pedulo kufikira italimba, kenako muiponde mwamphamvu kwa theka la mphindi injini ikulira. Ikamatsika pang'onopang'ono, pena pake pakuchuchabe kapena master cylinder yafooka. Ikakhala yofewa koma n'kumalimba mukapopa, mpweya ukadalimo. Yesani galimoto pamalo opanda anthu pa liwiro lochepa, muimike kangapo mosapanikiza kuti mapadi atsopano akhazikike pa disiki, kenako muchotsenso matayala n'kuyendetsa chala chouma pansi pa kalipa iliyonse, pa bawuti ya paipi ndi pa nipo. Kwa sabata yoyamba muziyang'ana mlingo wa mafuta m'kabotolo m'mawa uliwonse musanalize injini.