NULL Imeneyo Sikuti Zonse Zafufutika

Achimwene, mwalemba kuti chisamutsireni database yanu ku MySQL 8.0 zimene munabisa sizikumasulikanso, pakungotuluka NULL, kutanthauza kuti palibe kanthu. Imani kaye pomwepo. Musalembenso UPDATE kapena ALTER TABLE iliyonse pa tebulo limenelo, chonde. NULL imene AES_DECRYPT, lamulo lomasulira zobisidwa, ikukubwezerani chisamukireni ku MySQL 8.0 ine ndinaiona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandigunda.

Ndimayang'anira makompyuta pa kakampani kotumiza katundu kumudzi ku Malawi, kufupi ndi Roadport, siteshoni ya mabasi ku Harare. Timalemba dzina la wotumiza, nambala ya chiphaso chake, ndi foni ya wokalandira ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ziphaso ndi mafoniwo tinkazibisa ndi AES_ENCRYPT, lamulo lobisa zinthu ndi kiyi yachinsinsi. Oracle, mwini wake wa MySQL, itasiya kusamalira MySQL 5.7 mu Okutobala 2023, abwana anati tisamukire ku 8.0, n'kuitana mnyamata yemwe anatikonzera sisitimuyo poyamba. Anabwera Lamlungu, anagwira ntchito maola awiri, analandira madola ake, n'kumapita.

Zinadziwika Lachisanu, Khirisimasi ili pafupi, basi ikunyamuka m'mamawa kudzera pa Nyamapanda ndi ku Tete. Nditsegule mndandanda woti ndipatse kondakitala, mayina onse alimo, koma pa foni NULL, NULL, NULL mpaka pansi. Mzere wa anthu wafika panja. Kutsogolo kwanga kuli agogo ena a ku Mufakose ndi chikwama cha mabulangete ndi shuga chopita ku maliro a mchemwali wawo. Anandiyang'ana n'kundifunsa modekha kuti, “Mwananga, nanga katunduyu akamulandira ndani?” Ndinasowa chowayankha. Abwana aima kumbuyo kwanga osalankhula kanthu, magetsi athima, inveta ikulira kuti batire ikutha, ine manja akunjenjemera moti pasiwedi ndinailakwitsa katatu. Ndinkaona ntchito ikundithera, komanso nkhope za anthu akwathu amene timakumana nawo kutchalitchi Lamlungu lililonse.

Mnyamata uja? Foni ikungoitana. Pa WhatsApp akuwerenga koma osayankha. Cha m'ma 9 koloko usiku ndi pamene analemba kuti kiyi mwasokoneza ndinu. Bodza lamkunkhuniza! Kiyiyo palibe anaikhudza. Ndinagona mu ofesi pa makatoni, ndipo cha m'bandakucha ndinapeza zimene anachita. Zinthu zobisidwazo, zomwe ndi mabayiti chabe osati zilembo, iye anazisunga mu VARCHAR (kolamu ya zilembo) ya kalembedwe ka latin1 m'malo mwa VARBINARY (kolamu ya mabayiti). Posamuka, poti 8.0 imabwera ndi kalembedwe ka utf8mb4, anangolamula CONVERT TO CHARACTER SET pa matebulo onse mwachimbulimbuli. Bayiti iliyonse yoposa 127 inasanduka mabayiti awiri kapena atatu, ndiye AES, yomwe imawerenga m'magulu a mabayiti 16, inangoona zinyalala.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti database inamuchenjeza. Atayesa kulowetsa kasitomala watsopano inakana ndi uthenga wa Incorrect string value. Iye m'malo mofufuza anangozimitsa strict mode, mlonda wokana zolakwika, kuti isiye kudandaula. Zonse zimene tinalemba sabata imeneyo zinasungidwa zoduka, ndipo zimenezo sizinabwererenso. Tinachita kuzitola m'mabuku a malisiti, ine ndi asisi a pa kauntala, tsamba ndi tsamba, ena tikuwaimbira foni kuwapepesa. Munthu wotere amadzitchula katswiri pa Facebook mpaka lero.

Ndiye inu chitani izi, koma pa kope la database, osati pa seva imene ikugwira ntchito. Yerekezani LENGTH (chiwerengero cha mabayiti) ndi CHAR_LENGTH (chiwerengero cha zilembo) pa kolamu yobisidwayo. Ngati CHAR_LENGTH ikugawika ndi 16 koma LENGTH ikuposa, mwadwala nthenda yanga yomweyi, ndipo mankhwala alipo: AES_DECRYPT(CONVERT(foni USING latin1), kiyi). Ine nditalemba zimenezi nambala ya ku Malawi yoyamba ndi 265 inatulukira, ndinagwetsa misozi ndili ndekha. Zikabwerera, zisamutsireni mu VARBINARY. Mukaona ndi HEX, yoonetsa mabayiti mmene alili, kuti muli 3F wambirimbiri, ndiye kuti mabayiti analowedwa m'malo ndi chizindikiro cha funso potulutsa kapena polowetsa dampu (fayilo yosamutsira database), pamenepo dalirani bakapu yakale basi.

Ngati kutalikako kuli bwinobwino, onani block_encryption_mode, yomwe imasankha mtundu wa AES. Seva yatsopano imayamba ndi aes-128-ecb, ndiye ngati my.cnf (fayilo ya makonzedwe a seva) yakale inali ndi aes-256-cbc ndipo simunaikopere, mupezanso NULL ngakhale kiyi ili yolondola. Amene ankagwiritsa ntchito malamulo akale obisira a DES_ENCRYPT kapena ENCODE adziwe kuti 8.0 inazichotseratu, dzutsani 5.7 pa laputopu ina, masulirani pomwepo, kenako bisaninso ndi AES. Ndipo ngati matebulo anu a InnoDB ndi obisidwa, fayilo ya keyring, yosunga makiyi ake, isatsalire pa seva yakale.

Kunena zoona, musalimbane nazo nokha usiku ngati mmene ndinachitira ine, mutha kuwononga zambiri chifukwa cha tulo ndi mantha. Pezani munthu wodziwa mumulipire, ngakhale atadula, koma mukhale naye pambali akamagwira. Ndipo musabwerere ku 5.7 kuti mukhazikike, inatha nthawi yake, ngakhale kuti seva yakaleyo musaifufute msanga. Ikani pano zimene LENGTH ndi CHAR_LENGTH zakupatsani pa mizere isanu yokha, kiyi yokhayo musaiike. Ndiziona madzulo ano ndikatsika kombi.