Mwana akungopanga dawunilodi chilichonse, ndimuletse bwanji?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wa zaka 12 amagwiritsa ntchito kompyuta ya panyumba polemba ntchito ya kusukulu, koma iwo akangochokapo, mnyamatayo amayamba kupanga dawunilodi magemu aulere. Panopa kompyutayo ikuchedwa kuyaka, ndipo timauthenga totsatsa malonda tikungotulukira pasikirini. Funso lawo ndi lakuti, "Ndigule pulogalamu iti yomuletsa?"

Mayi, musagule kaye chilichonse. Yambani mwaona akaunti imene mwanayo amalowera. M'nyumba zambiri aliyense amalowera pa akaunti imodzi, ija inapangidwa tsiku loyamba kuyatsa kompyuta, ndipo imakhala ya administrator. Amene ali pa akaunti yotere amatha kuika kapena kuchotsa mapulogalamu mmene wafunira. Mukagula pulogalamu yoletsa musanakonze zimenezi, ndiye kuti mwakhoma chitseko koma kiyi mwamusiya pomwepo.

Ngati kompyutayo ndi ya Windows, mupangireni mwanayo akaunti yakeyake ya mtundu wa standard. Yanu ikhale ya administrator, ndipo pasiwedi yake ikhale yoti sangailote, chonde isakhale tsiku lake lobadwa. Zikatero, akafuna kuika pulogalamu pamatuluka kabokosi kofunsa pasiwedi yanu, ndipo sangapitirire mpaka akuitaneni. Kusintha kumeneku kokha kumathetsa mbali yaikulu ya vuto lanu, ndipo sikufuna ndalama.

Koma pali mpata umene umatsala, ndipo ana amaupeza msanga. Mapulogalamu ena safunsa pasiwedi chifukwa amadziika mufoda ya mwanayo, ena amangoyamba kugwira ntchito osaikidwa n'komwe. Kuti mutseke mpatawu, pitani pa Settings, kenako Apps, mupeze pamene palembedwa "Choose where to get apps" ndipo musankhe Microsoft Store yokha. Mapulogalamu otoledwa pamasamba osadziwika azikanidwa.

Mukatero ndiye mutha kuwonjezera Microsoft Family Safety, yomwenso ndi yaulere. Mumamulowetsa mwanayo m'gulu la banja, n'kuika malire a zaka pa magemu, maola amene angakhale pakompyuta, komanso masamba amene asatsegulidwe. Dziwani kuti kusefa masambako kumagwira pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) ya Microsoft Edge, choncho mukakuyatsa, ma browser ena monga Chrome amatsekedwa pa akaunti yake. Musadabwe akabwera kudzadandaula. Pa Mac, ntchito yofanana nayo imachitidwa ndi Screen Time, yomwe inabwera ndi macOS Catalina mu 2019. Ngati mumatha kusintha zinthu pa router (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba), pamalo olembedwa DNS ikani nambala ya kampani ya Cloudflare, 1.1.1.3, yomwe imatsekereza masamba odziwika ndi mavairasi komanso zolaula pa zipangizo zonse zimene zikulowera pa router imeneyo.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mwana wanuyo sanafune kuwononga kompyuta. Ankangofuna gemu. Ndinakhalapo pambali pa mwana wa mlongo wanga akusaka gemu yaulere. Tsamba linatseguka lili ndi mabatani atatu olembedwa "Download", awiri aakulu obiriwira, lachitatu kakang'ono kobisika pansi. Chala chake chinathamangira pa lalikulu lija, lomwe linali lotsatsa malonda. Munthu wamkulu amakodwa pamenepo, nanga kuli bwanji mwana? Choncho khalani naye pansi, mumuonetse mabatani abodzawo, mumuuzenso zimene mwatseka ndi chifukwa chake. Mugwirizane kuti akafuna gemu azikuuzani, muziiona limodzi, ndipo ikakhala yabwino muzimuikira. Mukamangokana zonse, adzayamba kufufuza njira zozemba kwa anzake.

Musanachite zonsezi, tsukani kaye kompyutayo. Tsegulani Windows Security, musankhe "Full scan", kenako muchotse mapulogalamu onse amene simukuwadziwa. Musaiwale kuyang'ana ma extension (timapulogalamu towonjezera) mu browser, chifukwa timauthenga tamalonda mukunenato kawirikawiri timachokera mmenemo.