Za zinki ndi kashiamu mu jeli yonyamula mankhwala

Achemwali, mwafunsa kuti zitsulo zimakafunanji mu jeli ya mapuloteni yonyamula mankhwala, komanso ngati sizingamudwalitse munthu. Ndaona ena akungoseka kuti mukufuna kutimwetsa misomali, ndiye ndati ndiyankheko poti zimenezi ndinazigwirapo mu labu.

Tiyambire kukhitchini. Mukaphika mang'ina usiku m'mwezi wa June muno mu Lilongwe, m'mawa mumapeza msuzi wagwirana, ukunjenjemera mu poto. Hydrogel ndi imeneyo. Puloteni ya m'chikopa ndi m'mitsempha yasanduka gelatin, timaulusi take talukana ngati ukonde, madzi n'kutsekeredwa m'maso mwa ukondewo. Mutasungunula mankhwala m'madzimo, angamatuluke pang'onopang'ono kudzera m'masomo. Koma ikani potoyo pambaula, jeli yonse yabwerera kukhala msuzi. Gelatin imasungunuka isanafike n'komwe pa madigiri 37 a thupi la munthu. Ukondewu umafuna mfundo zolimba, ndipo zitsulo zimalowera pamenepa.

Sitikunena chitsulo cha pageti ayi. Tikunena ma ion, tizidutswa tosaoneka tosungunuka m'madzi, tomwe tili kale m'magazi mwanu. Pa ulusi wa puloteni pali malo okhala ndi chaji ya negative, pa timikanda ta ulusiwo totchedwa aspartate ndi glutamate, ndiye maulusi amakankhana. Sodium wa mumchere ali ndi dzanja limodzi, amangophimba chajiyo kuti maulusi ayandikane, sagwira awiri. Kashiamu ali ndi manja awiri, amagwira uku ndi uku, mfundo yamangika. Opanga tofu amachita zomwezi akathira calcium sulfate mu mkaka wa soya, soya yemweyu wa ku Mchinji. Zinki ndi kopa amakonda kamkanda kena ka pa ulusiwo kotchedwa histidine ndipo amagwira mwamphamvu kuposa kashiamu. Mfundo zikachuluka maso amachepa, jeli sifufuma kwambiri, mankhwala amachedwa kutuluka.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti mfundo zimenezi zimamasuka. Histidine akakumana ndi asidi, pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka) ikatsika kudutsa pa 6, amamutaya zinki uja. M'mimba pH imakhala pakati pa 1.5 ndi 3.5, magazi ali pa 7.4. Ndiye jeli imodzimodziyo ingakhale phee pansi pa khungu koma n'kuphwasuka m'mimba. Wopanga amasankha chitsulo poganizira kumene akufuna kuti katundu akatsitsidwe. Nzeruyi si yadzulo. Insulin amasonkhana asanu ndi mmodzi mozungulira ma ion awiri a zinki, ndipo kuyambira mu 1936 anthu a shuga akhala akubayidwa insulin wosakaniza ndi puloteni ina yotchedwa protamine ndi zinki kuti azigwira ntchito nthawi yaitali. Imeneyo si jeli kwenikweni, koma chitsulo chikugwira ntchito yofanana, yochedwetsa.

Apa pali msampha umene ophunzira ambiri amagwamo, woganiza kuti ukathira chitsulo chambiri jeli ilimba kwambiri. Imalimba mpaka pamlingo wina, kenako mapuloteni amaundana m'timibulu, jeli imachita mbuu, n'kuyamba kulavula madzi ngati chambiko chogonera. Madzi akatuluka amatuluka ndi mankhwala omwe, onse nthawi imodzi. Ine zinandionekerapo. Tsiku lina madzi osefa a mu labu atatha ndinatsukira mabotolo madzi a pamjigo, ndikumati madzi ndi madzi. Jeli zitatu zinatuluka zotuwa, zosiyana ndi zinzake, ndinataya sabata ndikuganizira puloteni kuti yawonongeka. Osadziwa kuti madzi ambiri a pamjigo amabwera ndi kashiamu ndi magnesium wawo, uja amasiya zoyera m'ketulo.

Msampha wina ndi woti chitsulo sichisankha chogwira. Mankhwala opha mabakiteriya monga doxycycline ndi ciprofloxacin amakakamirana ndi kashiamu, ayironi ndi zinki, n'chifukwa chake ku famase amakuuzani kuti musamwere limodzi ndi mkaka kapena mapilisi owonjezera magazi. Mukaika mankhwala ngati amenewa mu jeli ya kashiamu, mutha kusangalala kuti akutuluka mochedwa, chonsecho agwidwa ndipo thupi silikuwalandira.

Za poizoni zija, zimatengera chitsulo chake ndi kuchuluka kwake. Kashiamu ndi zinki pang'ono thupi limazidziwa. Kopa ndi ayironi amapanga jeli yabwino koma akamasuka amayambitsa tizidutswa taukali totchedwa ma radical, timene timawononga maselo ngakhalenso mankhwala omwewo. Nickel amagwira histidine bwino kwambiri, koma anthu ambiri khungu lawo limadana naye, aja amatuluka zilonda ndi ndolo zotchipa, ndiye ineyo sindingamuike m'chinthu cholowa m'thupi.

Ngati ndi pulojekiti ya kusukulu, yambani ndi kashiamu pa milingo inayi kapena isanu, ndipo kutuluka kwa mankhwala muyezere m'madzi a mchere ofanana ndi a m'thupi, osati madzi osefa okha, chifukwa sodium amalanda malo a kashiamu pang'onopang'ono jeli n'kufewa. Botolo limodzi muthiremo EDTA, mankhwala olanda kashiamu, yemwe uja wa m'machubu a chivindikiro chapepo otengera magazi. Jeli ikafewa kapena kusungunuka, ndiye kuti amene anaigwira analidi kashiamu. Ikakhala chikhalire, inagwirana ndi kutentha kapena china, ndipo mutu wa lipoti lanu ufunika kuusintha.