Za chitoliro cha pamutu pa Parasaurolophus

Achimwene mwafunsa ngati chitoliro chija cha pamutu pa Parasaurolophus, dinosaur wa mlomo wonga wa bakha, chinali chopumira akamira m'madzi, komanso ngati aja opanda chitoliro anali aakazi ake. Zonse ziwiri ayi, koma musadandaule, akatswiri enieni nawonso anaganizapo choncho kalelo.

Madinosaur a mlomo wa bakhawa banja lawo ndi Hadrosauridae, dzina lochokera kwa Hadrosaurus amene anafukulidwa ku Haddonfield, New Jersey mu 1858. Muli magulu awiri akuluakulu. A Lambeosaurinae tsumba lawo la pamutu ndi fupa lamphako mkati, ndiye muli Parasaurolophus wanuyo, Corythosaurus ndi Lambeosaurus. A Saurolophinae ena alibiretu tsumba la fupa, ena ali nalo koma logwirana lopanda mphako, monga Saurolophus. Mukapeza buku lakale likulemba gulu lachiwirili kuti Hadrosaurinae musadabwe, dzinalo linasintha mu 2010 Albert Prieto-Márquez ataona kuti Hadrosaurus mwiniwakeyo sakukwanamo m'gululo. Ndiye watsumba ndi wopanda tsumba si mwamuna ndi mkazi, ndi mitundu yosiyaniranatu.

Tsono chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti chitoliro chijatu ndi mphuno. Mafupa a mlomo wam'mwamba ndi a mphuno anakula mobwerera kumbuyo mpaka kukwera pamwamba pa chigaza, njira ya mpweya nayo inatsatira konko, moti Parasaurolophus akakoka mpweya umalowa kutsogolo kuno nkuyenda mpaka kunsonga kwa chitoliro, kukhota, kubwereranso, kenako ndiye utsikire kummero. Kunsongako kulibe bowo olo limodzi, apa ndi pomwe nkhani yopumira m'madzi imafera. John Ostrom mu 1962 ananena kuti mwina zinali zonunkhizira bwino, koma mu 2009 David Evans ndi anzake ataunika zigaza ndi makina oonera mkati a CT scan anapeza kuti mbali ya ubongo yomva fungo siinali yaikulu kwenikweni, pomwe khutu lamkati linali lomva bwino mawu otsika, a besi aja. Izi zinagwirizana ndi zomwe Carl Wiman wa ku Sweden ananena kalekale mu 1931, kuti chinthuchi chimalira ngati lipenga. Ine ndili mbali imeneyo, mawu komanso kudzionetsera, chifukwa fupa lalikulu chonchija sungalisenze pamutu moyo wako onse popanda amene akuliona.

Pomwe zinavutira zedi mpa ana. Tsumba limamera nyama ikamakula, ndiye akale akapeza kachigaza kakang'ono kakatsumba kochepa amangokapatsa dzina latsopano, Procheneosaurus ndi ena otero. Mu 1975 Peter Dodson anayeza zigaza zambiri za ku Alberta, Canada nkupeza kuti ambiri mwa iwo anali ana a Corythosaurus ndi Lambeosaurus basi, mayina ambirimbiri anathera pompo. Dodson yemweyo ankaganizanso kuti mwa akuluakulu aja a tsumba lalitali ndi aamuna a lalifupi ndi aakazi, koma pambuyo pake zinaoneka kuti zigaza zinazo zinachokera m'miyala ya nthawi zosiyana, sizinakhalepo limodzi nkomwe. Ku Utah mu 2009 mnyamata wa kusekondale anatulukira kamwana ka Parasaurolophus komwe anakatcha Joe, kosakwana chaka, pamutu pali kachotupa chabe, koma kachotupako kanayamba msanga kuposa mmene zimakhalira kwa Corythosaurus, mwina poti ulendo okafika pa chitoliro chachitali chija ndi wautali.

Ndipo aja timati opanda tsumba tisawaderere. Mu 2013 kunalengezedwa wina wa ku Alberta, amene panthawiyo anati ndi Edmontosaurus, yemwe khungu lake linasungika, pamutu pali kanyama kofewa ngati kaja ka pamutu pa tambala, kopanda fupa mkati. Zoterezi zimawola, ndiye chigaza chokha chikhoza kukunamizani.

Wina m'makomentimu watchula Malawisaurus wa ku Karonga, ameneyo ayi si wa banja limeneli, ndi wa khosi lalitali uja, sauropod, ndipo anakhalako kale kwambiri a Lambeosaurinae asanabwere. Wa mlomo wa bakha oyamba kupezeka mu Africa muno ndi Ajnabia wa ku Morocco, analengezedwa mu 2020, wamng'ono pafupifupi mamita 3, wa gulu la tsumba lamphako lomwelo, achibale ake apafupi ali ku Ulaya, ndiye ofufuzawo akuganiza kuti makolo ake anachita kuwoloka nyanja kuti afike kuno.