Mwafunsa za gombe la makaiti ku Cape Town: mupite, koma si ku Salima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akubwera kuno ku Cape Town mu Disembala kudzaona achimwene awo, ndipo atenga ana awiri, wamkulu ndi mnyamata wa zaka 11. Anaona pa Facebook kanema wa anthu akuuluka pamwamba pa nyanja atakokedwa ndi makaiti akuluakulu, kumbuyo kwawo kukuoneka phiri la Table Mountain. Akufunsa kuti malowa ali kuti, ngati ana angakasambeko, komanso ngati mnyamatayo, amene sakugona nazo tulo, angayeseko masewerawa.

Mayi, malo amene munaonawo ndi Bloubergstrand, ife kuno timangoti Blouberg. Ali kumpoto kwa tauni, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 mukatsata msewu wa R27. Ngati achimwene alibe galimoto, basi za MyCiTi zimanyamuka pa Civic Centre kukafika ku Table View, ndipo kuchokera pamenepo gombe silili kutali. Basi zimenezi salipira ndalama pamanja, pamafunika kakhadi ka myconnect, ndiye mugulirenso ana awo musanakwere.

Mupite ndithu. Ndakhala kuno zaka zingapo koma mpaka lero ndikafika pamchenga paja ndimaima kaye chilili. Chimene ndikufuna mumvetse musananyamuke n'chakuti gombe limeneli ndi la mphepo. Anthu a makaiti amachoka ku Germany, ku Netherlands ndi kwina kuthawa chisanu cha kwawo, kudzakhala kuno miyezi yathunthu chifukwa cha mphepo yomweyo imene ingakuonongereni tsiku mukapita osakonzeka.

Mukudziwa mwera wa kunyanja kwathu, uja amauopa asodzi mu Juni ndi Julayi. Mphepo ya kuno imachokeranso kummwera chakummawa, koma iyo imabwera nthawi yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi. Anthu amaitcha Cape Doctor chifukwa amati imasesa utsi ndi mpweya woipa mumzinda. Mukaona mtambo woyera wayala pamwamba pa Table Mountain n'kumatsetserekera m'mbali ngati nsalu yapatebulo, dziwani kuti yayamba. Nthawi zambiri mmawa kumakhala bata, kenako ikamakwana 12 koloko kapena 1 koloko imayamba kukula, ndipo pofika madzulo imatha kupitirira makilomita 50 pa ola. Mchenga umauluka chamunsimunsi n'kumabaya m'miyendo ngati singano. Ulendo wanga woyamba ndinapita ndi mwana wa mchemwali wanga, titanyamula mpunga ndi nkhuku m'kontena. Titangotsegula chivindikiro, mchenga unadzaza pamwamba pa chakudya chonse. Mwana anayamba kulira, maso atafiira, akudzikanda, ndipo tinabwerera tisanakhale ngakhale ola limodzi. Zinandipweteka mtima chifukwa anadikira tsikulo sabata yonse.

Ndiye tsiku lanu muligawe pawiri. Mufike mmawa cha m'ma 9 koloko, ana asewere pamchenga, atole zigoba, mujambule zithunzi phiri likuoneka bwino kutsidya kwa madzi. Chakudya mudye mphepo isanadzuke, kapena mukadyere m'malesitilanti a ku Big Bay, gombe lina la ku Blouberg komweko, komwe kuli makoma otchinga. Masana ndiye mukhale pamalo okwera pang'ono, pa kapinga kapena m'mbali mwa msewu, muzionerera makaiti. Ambulera yadzuwa muisiye kunyumba, iuluka. Chipewa chikhale cha chingwe, ndipo mafuta oteteza kudzuwa mudzole nonse, chifukwa mphepo imanamiza thupi kuti kukuzizira pamene dzuwa likukuwambani.

Tsopano za kusamba. Apa ndikupemphani mundimvere bwino. Madzi a nyanja yathu, ngakhale mu Juni, amakhala pamwamba pa madigiri 20. A ku Blouberg ndi a Atlantic, ndipo m'chilimwe amatsika mpaka madigiri 12 kapena 13. Chodabwitsa n'chakuti amazizira kwambiri nthawi yotentha yomweyo, chifukwa mphepo ija imakankhira kutali madzi apamwamba ofundako, ndipo m'malo mwake mumakwera ozizira ochokera pansi. Mukaponda, mapazi amachita dzanzi m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake aliyense wa makaiti amavala wetsuit, chovala chothina cha labala chophimba thupi lonse.

Kuzizirako si vuto lokhalo. Nyanja yamchere ili ndi malo ena amene madzi amabwerera mkati mwamphamvu, ndipo amakoka munthu ngakhale wodziwa kusambira. Malo otero amaoneka odekha, opanda mafunde ambiri, ndiye ndi amene mlendo amawasankha. Ana asambe pokhapokha pamene pali opulumutsa anthu, pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu, monga ku Big Bay nthawi ya tchuthi, ndipo madzi asapitirire m'mawondo. Inu maso akhale pa iwo, foni ikhale m'chikwama. Mowa m'magombe a Cape Town ndi woletsedwa, apolisi amalanda, achimwene muwauziretu.

Makaitiwo ndi okongola, ofiira, obiriwira, achikasu, ndipo tsiku la mphepo yabwino amadzaza kumwamba osawerengeka. Koma kaiti ikagwa pamchenga, mwana amathamangira kuti akaigwire. Muwaletse musanatsike n'komwe m'basi. Zingwe zake ndi zazitali mamita opitirira 20, zowonda, zovuta kuziona, ndipo mphepo ikadzutsa kaitiyo mwadzidzidzi zimacheka ngati mpeni. Musadutse pakati pa munthu ndi kaiti yake, muzizungulira kumbuyo kwake, kumene mphepo ikuchokera. Musayale chitenje pamalo amene akupopera ndi kuulutsira makaiti. Anthuwa si amwano akamakuwa kuti muchoke, akuopa kukuvulazani.

Kanema amene munaonayo mwina ndi wa mpikisano wa Red Bull King of the Air. Unayambira ku Maui, ku Hawaii, ndipo kuyambira 2013 umachitikira kuno ku Cape Town. Mpikisanowu ulibe tsiku limodzi lokhazikika, amaika masabata angapo n'kumadikira tsiku limene mphepo yakula mokwanira. Amene amalumpha pamenepo ndi akatswiri oti achita zimenezi zaka zambiri. Munthu amathamangira funde, n'kukoka ndodo imene wagwira, n'kunyamuka kupitirira denga la nyumba yosanja, thabwa lili kumapazi. Mukamaonera pafupi mumamva mluzu wa zingwe mumphepo, ndipo mtima umakhala m'malere mpaka atatera.

Mnyamata wanu musamugwetse ulesi, koma Blouberg si pophunzirira mwana. Mphepo ndi yamphamvu, mafunde ndi aakulu, anthu pamadzi ndi ambiri. Ophunzira ambiri amapita ku Langebaan, mtunda wopitirira makilomita 100 kumpoto pa msewu womwewo wa R27, kumene kuli dziwe lalikulu la madzi osaya opanda mafunde aakulu. Kumeneko kuli masukulu a masewerawa. Amafuna kuti munthu azidziwa kale kusambira bwino, ndipo tsiku loyamba limathera pamtunda, kuphunzira kuwongolera kakaiti kakang'ono. Maphunziro onse amatenga masiku angapo ndipo amadya ndalama zambiri ndithu. Ngati nthawi ndi thumba sizikulola, mugulireni kakaiti ka zingwe ziwiri, kaja amaulutsa munthu ataima pamtunda, akaulutsire kutali ndi anthu. Amva yekha m'manja mmene mphepo imakokera, ndipo akatswiri ambiri anayambira pomwepo.

Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo limalowera m'nyanja momwemo. Mutenge majuzi, chifukwa likangopendeka kumazizira ngati ku Dedza. Mukayang'ana kumadzulo muona chilumba chafulati, makilomita pafupifupi 7 kuchokera pagombe. Chimenecho ndi Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18, kuyambira 1964 mpaka 1982. Muwalozere ana kusanade. Ngati angafune kukafikako, boti limanyamukira padoko la m'tauni la V&A Waterfront, ndipo matikiti a Disembala amatha msanga, ndiye achimwene agule pa intaneti inu musanafike. Musankhe ulendo wammawa, chifukwa mphepo ikakula amaimitsa maboti.