Kodi belo ya ku polisi amagula?

FUNSO: Achimwene, ine ndimapalasa kabaza kuno ku Salima. Mng'ono wanga anamugwira Lolemba pa nkhani ya foni yomwe anagula kwa munthu osadziwa kuti ndiyakuba, lero ndi Lachisanu akadali mselo sanapite naye kukhoti, nde wapolisi wina anandikokera pambali akuti ndikonze kenakake kuti mwanayo atuluke pa belo. Pa wailesi timamva kuti polisi inasintha, nanga kusinthako kuli pati? Wakabaza, Salima.

YANKHO: Pepani kwambiri achimwene, koma musapereke olo tambala imodzi. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Ndipo gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti munthu akamangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, nde kuchokera Lolemba mpaka Lachisanu apa lamulo laphwanyidwa kale.

Pitani mukapemphe kuonana ndi OC weniweniyo, mkulu wa polisi ya kumeneko, musapite nokha, tengani wachibale wamkulu woti akamuimire belo komanso aliyense amene anaona mng'ono wanuyo akugula foniyo. Akakuzungulitsani pitani ku Legal Aid Bureau kapena Malawi Human Rights Commission.

Zakuti kusintha kuli pati, mmm, kulipo koma kukuyenda ngati nanzikambe ndipo ine zimandiwawa. Akuluakulu akukumbukira nthawi ya apayoniya, munthu umangotengedwa osafunsa kuti ndalakwa chani, mpaka asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993. Kenako dzina la polisi linachoka ku Force nkukhala Malawi Police Service, kunabwera community policing, ma Victim Support Unit, ndipo lamulo la polisi la 2010 linati pakhale Independent Complaints Commission yoti tizikadandaulako wapolisi akatilakwira, koma taganizani bungwe lofunika chonchi linatha zaka pafupifupi khumi lili papepala basi, linayamba ntchito cha mu 2020. Amayi a ku Msundwe amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu 2019 sanakhale chete, anapita kukhoti ndipo mu 2020 High Court inalamula kuti apepesedwe ndi ndalama.

Ndikudziwa apolisi ambiri amagwira ntchito movutika, nyumba zothaitha, galimoto yopanda mafuta, koma mavuto amenewo asalipire munthu wakabaza ayi. Lembani dzina la wapolisi uja, tsiku ndi nthawi imene anakukokerani pambali, mukapereke ku Commission ija. Mutilemberenso mng'ono wanu akatuluka.