Mwaitanidwa kumalo omwera vinyo ku Cape Town? Yambani mwasankha chakudya

Mayi wina wa ku Malawi amene akugwira ntchito ku Cape Town watilembera imelo. Akuti: "Anzanga akuntchito andiitana kukadya mgonero Lachisanu pa kamalo kena komwera vinyo m'dera lomwe amakhala. Akuti ndi malo wamba, ophika zakudya zapanyumba. Ine vinyo amene ndimamudziwa ndi wotsekemera wa m'katoni uja. Ndikaitanitse chiyani kuti ndisakachite manyazi, komanso kuti ndalama zisakandithere?"

Achemwali, mtima pansi. Malo oterewa amakhala ndi matebulo ochepa, mayina a vinyo olembedwa ndi choko pabolodi, ndi zakudya zowerengeka. Anthu amapitako atavala jinzi. Chimene chimasokoneza alendo ambiri ndi kuyamba kulimbana ndi mayina a vinyo asanadziwe chomwe adye. Inu yambani ndi mbale. Mukasankha chakudya, vinyo woyenera amatsala mitundu iwiri kapena itatu basi.

Mukaona mchira wa ng'ombe pa menyu, makamaka nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, musayang'anenso kwina. Amauphika pamoto wochepa maola atatu kapena anayi mpaka nyama kumachoka yokha pafupa, msuzi wake wokhuthala womata milomo, ndipo amaupereka ndi mbatatesi yosinja, mpunga kapena pap, nsima ya kumeneko. Chakudya chonona chonchi, monganso mwendo wa nkhosa wophika nthawi yaitali, chimafuna vinyo wofiira wamphamvu: Shiraz, Cabernet Sauvignon kapena Pinotage. Chifukwa chake nachi. Vinyo wofiira amawira limodzi ndi makoko ndi njere za mphesa, ndipo zimenezi zimasiyamo tannin, chinthu chomwe chimaumitsa mkamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa. Mukamumwa m'mimba mulibe kanthu mungamude tsiku lomwelo. Koma akakumana ndi nyama ndi mafuta amafewa, ndipo naye amatsuka kunona kuja kuti nthongo yotsatira ikome ngati yoyamba. Pa atatuwa ife tingakulozereni Pinotage, mphesa ya konko ku South Africa, imene katswiri wa ulimi wa mphesa Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pophatikiza Pinot Noir ndi Cinsaut. Malo ambiri amakhala nayo yogulitsa pa galasi.

Nsomba ya hake yokazinga ndi tchipisi imafuna vinyo woyera wowawasa pang'ono, monga Sauvignon Blanc kapena Chenin Blanc. Wofiira wamphamvu uja akakumana ndi nsomba amasiya kakomedwe ka chitsulo palilime. Makaroni ootcha ndi tchizi komanso payi ya nkhuku zimayenda bwino ndi Chenin Blanc yemweyo kapena Chardonnay.

Bobotie ndiye wofunika kumuganizira. Ndi nyama yogaya yothira kare (curry) ndi zipatso zouma, pamwamba pake mazira omenya ndi mkaka, yootcha mu uvuni, yodyera mpunga wachikasu. Imatsekemera pang'ono, ndipo vinyo wouma mkamwa amaoneka wowawa pambali pake. Apa tengani Chenin Blanc wa fungo la zipatso kapena rosé, vinyo wa mtundu wa pinki. N'chimodzimodzi ndi chilichonse chothira tsabola wambiri, monga ziwindi za nkhuku za peri-peri: vinyo wa mowa wochuluka, wa 14.5% kupita m'mwamba, amawonjezera moto wa tsabola. Wotsekemera pang'ono ndi wozizira ndiye amauziziritsa.

Mwaona kuti Chenin Blanc akubwerabwera. Ndi mphesa yomwe imalimidwa kwambiri kuposa ina iliyonse yopangira vinyo ku South Africa, sakwera mtengo kwambiri, ndipo amalolerana ndi zakudya zambiri. Mutu ukaima, itanitsani ameneyu.

Za kukonda zotsekemera musabise. Muuzeni weta momveka kuti mumakonda vinyo wotsekemerako, mwasankha chakudya chakuti, ndipo simukufuna kupitirira ndalama zakuti pa galasi. Imeneyi ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ndipo kunena mtengo sikuchotsa ulemu. Pabolodi, vinyo wolembedwa kuti dry alibe shuga womveka, pomwe off-dry ndi semi-sweet ndi amene ali pafupi ndi zomwe munazolowera. Malo ambiri amalola kulawa kadontho ka vinyo wogulitsa pa galasi musanasankhe, poti botolo limakhala lotsegula kale. Pemphani kulawa mitundu iwiri, osati isanu.

Tsono kukula kwa galasi, pomwe ambiri amagwera. Botolo la vinyo ndi 750 ml. Malo ena amathira 150 ml kapena 175 ml pa galasi, ena 250 ml. Wa 250 ml ndi gawo limodzi la magawo atatu a botolo, kutanthauza kuti magalasi atatu ndi botolo lonse, la vinyo amene mphamvu yake ili pakati pa 12% ndi 15%, kuposa kawiri ya mowa wa m'botolo wamba. Funsani kukula kwake musanaitanitse. Kwa munthu wosazolowera, galasi limodzi lalikulu kapena awiri aang'ono akwanira usiku wonse, ndipo pakhale madzi pambali. Weta akafunsa ngati mukufuna madzi wamba kapena a gasi, dziwani kuti onsewo ndi a m'botolo, olipira. Mukhoza kupempha a pampopi. Ngati atatu mwa inu mwagwirizana pa vinyo mmodzi, botolo limatsika mtengo kusiyana ndi kugula galasi lililonse palokha, ndipo limapereka magalasi 5 a 150 ml.

Mukaitanitsa botolo, weta amakuonetsani kaye kuti muone ngati ndi lomwe munanena, kenako amathira pang'ono kuti mulawe. Sakukufunsani ngati mwamukonda. Akufuna muone ngati vinyoyo sanawonongeke. Nunkhizani kaye. Akamanunkha ngati katoni yonyowa kapena nkhungu, vuto lachokera pa chitsekerero cha koko (cork), ndipo botololo alisinthe popanda kukulipiritsani. Vinyo wa pa galasi ali ndi vuto lake: botolo likakhala lotsegula masiku opitirira awiri kapena atatu, mpweya umalowa, fungo la zipatso limatha, amayamba kukoma ngati viniga, ndipo woyera amada mtundu kupita ku bulauni. Nenani mwaulemu kuti akuoneka ngati wakhalitsa, akutsegulireni lina. Botolo la chitsekerero chopotokola musalinyoze, vinyo wabwino wambiri amatsekedwa choncho masiku ano, ndipo vuto la koko lija silichitika kawirikawiri.

Kutentha nakonso kumawononga. Woyera amakoma pa madigiri 8 mpaka 12, wofiira pa 15 mpaka 18. M'chilimwe cha ku Cape Town, Januwale ndi Febuluwale, botolo lofiira lokhala pa shelefu limafunda, ndipo chomwe mumamva ndi ukali wa mowa wokha. Pemphani aliike mu ndowa ya madzi oundana kwa mphindi 10. Galasi ligwireni pa kamwendo kake kuti dzanja lisafunditse vinyo.

Pomaliza kudya mwina adzabweretsa malva pudding, keke yofewa yothira jamu ya apurikoti, yonyowetsedwa ndi msuzi wa kirimu ndi batala, yodya yotentha ndi kasitadi. Vinyo wotsala wa pa nyama uja musamwere zimenezi, shuga amamusandutsa wowawasa. Tengani khofi, tiyi wa rooibos, kapena kagalasi kakang'ono ka Muscadel, koma dziwani kuti ameneyu ndi wamphamvu kuposa vinyo wamba ngakhale amatsekemera.

Ngati tsikulo simukufuna kumwa n'komwe, palibe wokukakamizani. Appletiser ndi Grapetiser, zakumwa za gasi za maapulo ndi mphesa, zilibe mowa. Pali chakumwa chinanso chomwe konko amachitcha Malawi shandy, chosakaniza lemonedi, ginger ale ndi madontho a bitters. Madontho amenewo ali ndi mowa pang'ono, choncho ngati simulawa n'komwe chifukwa cha chipembedzo kapena muli ndi pakati, auzeni asathiremo.

Nkhani ya bilu muikambe musanayambe kudya. Magulu a anzathu akuntchito amakonda kugawana mofanana, ndipo amene wamwa galasi limodzi amalipirira mabotolo a anzake. Nenani poyamba kuti mulipira zanu zokha, weta alembe padera. Tipi ku South Africa ndi 10% mpaka 15%: pa bilu ya R600 muwonjezere R60 mpaka R90. Musaidumphe, chifukwa maweta ambiri, ena mwa iwo abale athu ochokera kumudzi, amadalira imeneyo. Koma werengani pansi pa bilu kaye, popeza pa gulu lalikulu malo ena amaiphatikiziratu, ndipo mungalipire kawiri. Wina akafuna kubwera ndi botolo lake, aimbe foni kufunsa ngati amalola komanso ndalama ya corkage yomwe amalipiritsa potsegula.

Za ulendo wobwerera konzeranitu masana. Malire a mowa m'magazi kwa woyendetsa galimoto ku South Africa ndi 0.05 g pa 100 ml, ndipo galasi limodzi la 250 ml lingakupitirizeni pamenepo, makamaka ngati muli ndi thupi laling'ono. Siyani galimoto kunyumba, foni ikhale ndi moto ndi data yoitanira Uber kapena Bolt, ndipo muidikire muli mkati mpaka itafika pakhomo.